Mphesa Sizidikira: Zimene Alimi ndi Opanga Vinyo Amagwirizana Asanayambe Kukolola

Chaka ndi chaka, nyengo ya mango ikafika pachimake, m'misika ndi m'mphepete mwa misewu ya m'boma lino mumaoneka milu ya zipatso zimene zasowa wogula. Mlimi amene analawirira ndi dengu pamutu amayamba ndi mtengo umene mtima wake ukufuna, dzuwa likapendeka amautsitsa, ndipo pofika madzulo amangovomera zimene venda wanena poopa kubwerera nawo katunduyo kunyumba. Alimi a matimati nawonso amadziwa bwino zowawa zimenezi. N'chifukwa chake pamisonkhano ya makomiti a chitukuko nkhani ya fakitale yokonza zipatso sichedwa kutuluka, ndipo ambiri amakhulupirira kuti tsiku limene fakitale idzamangidwe, vuto la msika lidzathera pomwepo.

Fakitale ndi yofunika, koma payokha sithetsa vutolo. Umboni wake uli kwa alimi a mphesa ndi anthu opanga vinyo, amene kwa zaka zambiri akhala akukangana, kusiyana ndi kubwererana pa nkhani yomweyi. Mphesa sizilimidwa kwambiri m'Malawi muno, moti ambiri amazidziwira m'Baibulo kapena m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Komabe mbewu imeneyi imaonetsa poyera zimene zimachitika pamene mlimi ndi mwini fakitale akudalirana pa chipatso chosachedwa kuonongeka, ndipo zimene anthuwa aphunzira zingathandize gulu lililonse la alimi limene likuganiza zosainirana mgwirizano ndi wogula.

Chipatso chimene sichivundikidwa

Nthochi zikadulidwa zosapsa amazivundika, ndipo pakapita masiku zimapsa. Mango ndi mapapaya amapitiriza kupsa ali m'dengu. Mphesa sizitero. Phava la mphesa likachoka pamtengo, shuga wake amaima pomwepo. Likathyoledwa msanga limakhala lowawasa mpaka kalekale, ndipo likachedwa limafota kapena kuola. Masiku amene mphesa zimakhala zoyenera kupangira vinyo wabwino ndi owerengeka, nthawi zina sabata imodzi yokha.

Wopanga vinyo amafuna shuga ameneyu chifukwa ndi amene yisiti imamusandutsa mowa pamene madzi a mphesa akuwira m'thanki. Kuchuluka kwa shuga amakuyeza ndi kachipangizo kakang'ono kogwira m'manja, kamene amadonthezerapo madzi a chipatso n'kuyang'ana powala. Muyezo wake umatchedwa Brix, ndipo mphesa zambiri zopangira vinyo zimakololedwa zikafika pakati pa 21 ndi 25 pa muyezowu. Koma shuga si zonse. Pamene shuga akukwera, kuwawasa kwa chipatso kumatsika, ndipo vinyo wopanda kuwawasa konse amakhala wosukuluka ndiponso sasungika. Choncho tsiku lokolola limasankhidwa poyang'ana zinthu ziwiri zimene zikuyenda mosiyana, ina kukwera ina kutsika.

Apa ndi pamene kusamvana kumayambira. Mlimi amafuna kukolola msanga, mvula kapena mbalame zisanamuonongere, komanso mphesa zikadali zolemera pasikelo. Wopanga vinyo amafuna kuti zikhalebe pamtengo masiku ena angapo kuti zikome, ngakhale kuti zikamakhalitsa zimataya madzi n'kupepuka. Aliyense mwa awiriwa ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ngati sanagwirizane kale za amene adzalamule tsiku lokolola ndi amene adzasenze chiphinjo mvula ikagwa m'masiku odikirawo, mkangano wake umabuka pa nthawi imene palibe mpata wokhala pansi.

Zikathyoledwa, mphesa zimafunika kufika kufakitale tsiku lomwelo. Zikapanikizana m'matumba zimaphulika, madzi ake amayamba kuwira okha chifukwa cha yisiti imene imakhala pakhungu la chipatso, timizimu ta ntchentche timasonkhana, ndipo posakhalitsa fungo la viniga limamveka. N'chifukwa chake okolola amayamba m'bandakucha, ena usiku kumene, n'kuika mphesa m'makireti osazama. Nayo fakitale ili ndi malire ake: makina ofinyira amatha kuchuluka kwakutikwakuti pa tsiku, ndipo thanki ikadzaza ndi vinyo wofiira imakhala yotseka kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Tani imodzi ya mphesa imatulutsa vinyo pafupifupi malita 700, choncho mwini fakitale amadziwa bwino lomwe matani amene angalandire pa tsiku. Alimi makumi asanu akafika m'mawa umodzi popanda ndondomeko, ena amaima pamzere padzuwa mpaka katundu wawo atatsika mtengo, ngakhale kuti palibe amene anafuna kuwabera.

Zimene zinachitika ku Dodoma

Dera la pafupi ndi Malawi limene limalima mphesa zopangira vinyo mochuluka ndi Dodoma, m'chigawo chapakati cha dziko la Tanzania, komwenso kuli likulu la dzikolo. Ndi dera louma, la mvula yochepa ndi dzuwa lambiri, kumene chimanga chimavutika koma mpesa umakondwa. Mbewuyi inabwera ndi amishonale a Chikatolika m'zaka za m'ma 1930, ndipo mishoni ya Bihawana inathandiza kuifalitsa kuyambira mu 1957. Mu 1979 boma la Tanzania linakhazikitsa kampani ya Dodoma Wine Company kuti izigula mphesa kwa alimi, ndipo pambuyo pake linatsegula malo a kafukufuku ku Makutupora, dzina limene linaperekedwanso ku mtundu wa mphesa zofiira zimene zimachita bwino m'deralo.

Kwa kanthawi zinthu zinayenda. Alimi a m'midzi monga Mpunguzi, Mbabala ndi Hombolo anakulitsa minda chifukwa wogula analipo. Koma wogulayo anali mmodzi, ndipo kampaniyo itafooka m'zaka za m'ma 1990, alimi anatsala ndi mbewu imene sakanatha kuisunga m'nkhokwe kapena kuidya ngati nsima. Ambiri anaisiya minda yawo. Kutaya kwake kunali kwakukulu chifukwa mpesa si mbewu ya chaka chimodzi: umatenga zaka pafupifupi zitatu usanabereke zipatso zogulitsika, umafuna mitengo ndi mawaya oyangapo, ndipo ukasamalidwa umakhala zaka makumi angapo. Mlimi wa chimanga akakhumudwa ndi mtengo, chaka chamawa amadzala soya. Mlimi wa mphesa alibe njira yachidule yotero.

Ulimiwu unadzukanso pamene makampani omwe si a boma anayamba kutsegula mafakitale, monga Cetawico imene inakhazikitsidwa ku Hombolo mu 2002. Lero Tanzania imawerengedwa yachiwiri kwa South Africa pa kupanga vinyo kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ngakhale zili choncho, madandaulo a kusowa kwa msika, mitengo yotsika ndi kuchedwa kwa malipiro amamvekabe ku Dodoma, makamaka m'zaka zimene mphesa zabereka kwambiri.

Chinthu china chimene chimasiyanitsa Dodoma ndi madera ambiri a mphesa n'chakuti kumeneko amakolola kawiri pa chaka. Zokolola zoyamba zimabwera cha m'ma February ndi March, mvula ikadali kugwa, ndipo zachiwiri cha m'ma August ndi September, kunja kutauma. Mphesa za nthawi ya mvula zimakhala ndi madzi ambiri, shuga wochepa, ndipo zimagwidwa msanga ndi matenda a nkhungu, pamene za m'chilimwe ndi zimene opanga vinyo amazikonda. Kwa mlimi, kukolola kawiri ndi ndalama kawiri. Kwa mwini fakitale, ndi mbewu ziwiri zosiyana zimene sangazigule pa mtengo umodzi. Mgwirizano umene sunena chilichonse pa kusiyanaku umabala madandaulo chaka chilichonse mwezi wa March ukafika.

Njira imodzi imene alimi ena a kumeneko atsata ndiyo kukhala ndi makina aang'ono ofinyira pafupi ndi minda. Mphesa zimafinyidwa ndi kuwiritsidwa pomwepo n'kukhala chimene m'Chiswahili amachitcha mchuzi wa zabibu, ndiko kuti vinyo wosamalizidwa amene amagulitsidwa kwa makampani akuluakulu. Ubwino wake ndi woonekeratu. Chipatso chimene chikanaola m'masiku awiri chimasanduka katundu wotha kudikira, ndipo mlimi wokhala ndi katundu wotha kudikira amakambirana mtengo ali chilili, osati atagwada.

Kumene anayamba kale

Mavuto amenewa si a ku Africa kuno kokha, ndipo mayiko amene analima mphesa kalekale anadutsamo. Ku Champagne, dera la ku France lotchuka ndi vinyo wa thovu, minda yambiri ndi ya alimi ang'onoang'ono, pamene makampani akuluakulu ndi amene ali ndi mayina odziwika ndi misika ya kunja. Mu 1911 alimi a kumeneko anachita zipolowe, n'kuononga nyumba ndi mosungira vinyo mwa amalonda, powadandaula kuti akugula mphesa zotchipa kumadera ena ndi kutsitsa mitengo. Boma linachita kutumiza asilikali. Mu 1941 kunakhazikitsidwa bungwe limene alimi ndi makampani amakhalamo pamodzi, ndipo mpaka lero bungweli ndi limene limalengeza tsiku loyambira kukolola m'mudzi uliwonse ndi kugwirizana kuchuluka kwa mphesa zololedwa pa hekitala. Mu 2020, malonda atagwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, makampani ankafuna mphesa zochepa pomwe alimi ankafuna kugulitsa zambiri. Atakokanakokana anagwirizana pa makilogalamu 8,000 pa hekitala, kutsika kuchoka pa 10,200 a chaka cha 2019. Palibe mbali imene inakondwa kwenikweni, koma chiwerengerocho chinadziwika kukolola kutangoyamba kumene.

Ku South Africa anatsata njira ina. Mu 1918 alimi a mphesa a ku Cape, atatopa ndi kuchuluka kwa vinyo wosowa msika, anakhazikitsa kopaletivi yotchedwa KWV, imene likulu lake linali ku Paarl. Malamulo a boma anaipatsa mphamvu zokhazikitsa mtengo wotsikitsitsa wogulira, ndipo kuyambira mu 1957 inkaikanso malire a zimene famu iliyonse ingakolole. Vinyo wotsala ankatchezedwa n'kukhala bulande. Alimi anatetezedwa ku kugwa kwa mitengo, koma popeza phindu linkadalira kwambiri kuchuluka kwa matani, ambiri sanaone chifukwa cholimbikira kukoma kwa mphesa zawo. Malire aja anachotsedwa mu 1992, ndipo mu 1997 KWV inasanduka kampani. Tisaiwalenso kuti chitetezo chimenechi chinali cha eni mafamu achizungu, pamene antchito a m'mindamo, amene ena mwa iwo ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro, sanali pagome lokambirana.

Sikelo yokha siikwanira

Phunziro la ku Cape likukhudza funso limene gulu lililonse la alimi lidzakumana nalo: kodi malipiro azitengera chiyani? Akamatengera kulemera kokha, mlimi wanzeru amathirira kwambiri kukolola kutayandikira ndi kusiya mapava onse pamtengo, ndipo mphesa zimalemera koma zimasukuluka. Akamatengera kukoma kokha, mlimi amakhala m'manja mwa munthu amene akuyeza, yemwenso ndi wogula. Migwirizano yambiri imaphatikiza ziwirizi: pamakhala mtengo wa pa tani wa mphesa zofika pa muyezo wogwirizana, kenako bonasi ya zopambana ndi kudula mtengo kwa zoperewera, zoola kapena zosakanikirana ndi masamba. Opanga vinyo ena amalipira potengera kukula kwa munda, kuti akapempha mlimi kuthothola mapava ena adakali aang'ono pofuna kuti otsalawo akome, mlimiyo asaone ngati akutaya ndalama.

Zimenezi si zachilendo kwa Amalawi. Alimi a nzimbe a ku Dwangwa ndi ku Kasinthula amadziwa kuti ndalama zawo zimatengera shuga amene ali mu nzimbe, ndi kuti nzimbe zikachedwa kunyamulidwa zitadulidwa shugayo amatsika. Alimi a tiyi a ku Mulanje ndi ku Thyolo amadziwa kuti masamba othyoledwa m'mawa sayenera kugona asanafike kufakitale. Alimi a fodya akhala akulima pa kontrakiti ndi makampani ogula, makamaka kuyambira mu 2012, ndipo amadziwa ubwino wa ngongole ya zipangizo pamodzi ndi ululu wa kudulidwa ndalama pa tsiku la malonda. Ngakhale vinyo amene, mumzinda wa Lilongwe muli kampani ya Linga imene imamupanga kuchokera ku zipatso za konkuno monga magwafa, jambula ndi chidede, ndipo zipatso zotere nazonso zili ndi nyengo yake yaifupi.

Chimene chimateteza mlimi pa nkhani ya muyezo n'chakuti kuyeza kuzichitika iye kapena nthumwi ya gulu lake ikuona, pa sikelo imene inayesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo lisiti liziperekedwa nthawi yomweyo. Kachipangizo koyezera shuga sikokwera mtengo kwa kopaletivi yonse. Gulu limene lili ndi kachipangizo kake limafika kufakitale likudziwa kale zimene lanyamula, ndipo ziwerengero zikasiyana pamakhala poyambira kufunsa.

Mbali imene alimi sakonda kuimva

Zikanakhala zosavuta kunena kuti wolakwa nthawi zonse ndi mwini fakitale, koma si mmene zilili. Migwirizano yambiri imafa chifukwa alimi, atalandira mbande, mankhwala ndi ulangizi pa ngongole, amagulitsa zokolola kwa venda amene wabwera ndi ndalama m'manja ndi mtengo wokwererako pang'ono. Zifukwa zake zimamveka: fizi ya mwana siidikira, ndipo fakitale imene imalipira pakatha miyezi iwiri imakhala ikuitana yokha mavenda. Koma fakitale imene yakonza matanki, yalemba antchito ndi kulonjeza ogula ake, ikalandira theka la zimene inkayembekeza, chaka chotsatira imachepetsa ngongole kapena imakafuna zipatso kwina. Ndiye venda uja, poona kuti wopikisana naye wachoka, amatsitsa mtengo.

Palinso nkhani ya mankhwala. Mphesa zimapoperedwa kawirikawiri pofuna kupewa nkhungu, ndipo mankhwala alionse ali ndi masiku amene ayenera kudutsa chipatso chisanathyoledwe. Mlimi mmodzi akapopera mochedwa n'kubisa, mphesa zake zimalowa m'thanki imodzi ndi za anzake makumi awiri, ndipo vinyo yenseyo angakanidwe pamsika. N'chifukwa chake mafakitale amafuna kaundula wa tsiku lopopera ndi dzina la mankhwala, chinthu chimene alimi ena amachiona ngati kuvutitsa chabe. Kulemba m'kope n'kotopetsa ndithu, koma ndi umboni wokhawo umene mlimi wosalakwa angaonetse pakabuka mlandu.

Tsono mgwirizano wabwino umalemera mbali zonse ziwiri. Umanena mtundu wa mbewu ndi matani oyembekezeka, amene adzasankhe tsiku lokolola, amene adzabweretse makireti ndi lole, maola amene katundu ayenera kufika, mtengo kapena njira yowerengera mtengo, ndi tsiku la malipiro. Umanenanso chimene chidzachitike lole ya fakitale ikachedwa ndipo zipatso zaonongeka pamalo osonkhanitsira, pakuti mfundo imeneyi ndi imene imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi imene imabala milandu yambiri. Ndipo nthawi yokambirana zonsezi ndi pamene mitengo ikuduliridwa kapena ikuchita maluwa, mbali zonse zikadali ndi mpata wokana. Pa tsiku lokolola mlimi sangakanenso chilichonse.

Gawo la mudzi ndi la khonsolo

Pali zinthu zina zimene mlimi ndi mwini fakitale sangazikonze okha ngakhale atagwirizana bwanji. Ku Dodoma, monganso kuno, zokolola za nthawi ya mvula zimadalira msewu wa fumbi umene ungatsekeke ndi kamlatho kamodzi kokokoloka. Lole ikatitimira m'matope kwa tsiku limodzi, mfundo zonse zolembedwa bwino zija zimakhala zopanda ntchito. Misewu ya m'midzi, timilatho, mashedi osonkhanitsira zokolola pamthunzi ndi madzi aukhondo otsukira makireti ndi ntchito zimene zimadutsa m'mapulani a chitukuko. Zimayambira pamsonkhano wa VDC, zimakwera ku ADC, ndipo zikalowa m'pulani ya chitukuko ya boma ndi pamene khonsolo ingazifunire ndalama. Wodi imene ikuyembekeza kugulitsa zipatso kufakitale koma sinaikepo msewu wake m'pulani ya mudzi idzapeza kuti wogula wasankha dera lina kumene lole imafika.

Chachiwiri ndi kulembetsa gulu. Fakitale siingasainirane ndi alimi mazana awiri mmodzimmodzi, ndipo gulu losalembetsedwa silingatsegule akaunti m'dzina lake kapena kukasuma mgwirizano ukaswedwa. Makopaletivi amalembetsedwa potsata lamulo la makopaletivi la mu 1998, ndipo ofesi ya zamalonda pakhonsolo pamodzi ndi alangizi a zaulimi amathandiza magulu pa maphunziro ndi zikalata zofunika. Ntchito za boma zotukula ulimi wa bizinesi, monga AGCOM, zakhala zikufuna kuti gulu lionetse wogula amene lagwirizana naye lisanalandire thandizo, choncho pepala limeneli likufunika ngakhale kwa amene sakuganiza za vinyo.

Magulu amene alandira kale chikalata cha mgwirizano kuchokera kwa wogula wina aliyense akulangizidwa kuti asafulumire kudinda chala pamsonkhano womwewo. Apemphe kope lake, makamaka la m'Chichewa, aliwerenge pagulu mamembala onse alipo, amayi amene amagwira ntchito yambiri yothyola ndi kusankha zipatso ali pomwepo, kenako apite nalo kwa mlangizi wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya zaulimi kuti akaunikire limodzi mfundo za mtengo, za kukanidwa kwa katundu ndi za tsiku la malipiro. Khansala wa wodi angathandize kuitanitsa msonkhano wotere, ndipo ndi bwino kuti uchitike mitengo isanayambe maluwa.